Bleach: n'chifukwa chiyani nkhani ya amphawi a ku Rukongai inasiyidwa panjira?

Wa_ku_Kapata analemba:

Moni nonse abale anga okonda manga. Ndangomaliza kuwerenga Bleach, nkhani ya m'zithunzi ya ku Japan, kachiwiri, mabuku onse 74, pafoni yanga usiku ndikatseka shopu, ndipo pali chinthu chimene chandikhala pamtima moti ndalephera kuchimeza ndekha.

Wolemba wake, Tite Kubo, anamanga dziko la akufa lotchedwa Soul Society, ndipo pakati pake anaikapo Seireitei, mzinda wa linga momwe mumakhala a Shinigami, ankhondo operekeza mizimu ya akufa, ndi mabanja apamwamba. Kunja kwa lingalo kuli Rukongai, madera 320, mbali iliyonse 80, ndipo nambala ya dera ikamakwera, umphawi ndi chiwawa zimakweranso. Rukia ndi Renji, amene pambuyo pake anakhala a Shinigami, anakulira ku Inuzuri, dera la 78 la kummwera, kumene ana ankachita kuba madzi, ndipo tsamba limene awiriwa aima pamanda a anzawo atatu ndinaliyang'ana nthawi yaitali osapitirira. Ndinakhulupirira kuti wolemba wadzala mbewu imene adzakolola kutsogolo.

Koma kuchiyambi kwa chigawo chomaliza, Mayuri, mmodzi wa makaputeni a Shinigami, akuvomera kuti analamula kupha anthu 28,000 a ku Rukongai pofuna kulinganiza chiwerengero cha mizimu, ndipo mlanduwo ukutha m'masamba owerengeka, iye n'kukhalabe kaputeni mpaka kumapeto. Kodi Kubo anaiwala zimene anadzala, kapena ndine amene ndikufuna nsima kwa munthu amene analonjeza phala lokha?

Mphunzitsi_wa_ku_Katete anayankha:

M'bale wanga, funso lanu ndi lomveka, ndipo gawo lina la yankho lili m'kapangidwe ka manga. Bleach inkatuluka m'magazini ya Weekly Shōnen Jump kuyambira 2001 mpaka Ogasiti 2016, mitu 686 yonse, ndipo mutu uliwonse wa masamba pafupifupi 19 unkafunika sabata ndi sabata. Owerenga magaziniyo amatumiza makhadi osonyeza nkhani zimene azikonda, kotero wolemba amadziwa kuti lupanga latsopano limakopa mavoti msanga kuposa mwana wopanda nsapato. Kubo mwiniwake ananenanso poyera kuti thanzi lake linafooka m'zaka za ntchitoyi.

Komabe sindingamukhululukire kwathunthu pa chifukwa chimenechi. Nkhondo yolimbana ndi a Arrancar, mizimu yolusa yokhala ndi mphamvu zonga za a Shinigami, inadya mabuku oposa 25, ndipo ankhondo ena amene anapatsidwa mitu ingapo sitikumbukira ngakhale mayina awo. Malo analipo, koma anawagawira ena.

Mlongo_wa_ku_Kalongwezi anayankha:

Akulu anga nonse awiri, mundilole ndisiyane nanu. Ichigo, mwini nkhani wa Bleach, ndi mnyamata wa zaka 15 pamene nkhani ikuyamba, ndipo cholinga chake sichinakhalepo kukonza ulamuliro wa dziko la akufa. Iye amateteza amene ali pafupi naye, basi. Amene amafunsa za maziko a dzikolo ndi adani, makamaka Aizen, kaputeni wopanduka, amene atagonja anakalipira Urahara, wothandiza Ichigo, chifukwa chogonjera Mfumu ya Mizimu, mzati wa dziko la akufa, ngakhale akudziwa choonadi chake. Ine ndimaona kuti Kubo anachita dala kuika funso labwino m'kamwa mwa munthu woipa, kuti wowerenga asapeze mtendere ndi chipambano cha amene akuwachemerera.

Komanso nkhaniyi sinafe. Buku la Ryohgo Narita lotchedwa Can't Fear Your Own World limafukula tchimo la mabanja apamwamba pa Mfumu ya Mizimu, ndipo mwini nkhani wake ndi Hisagi, Shinigami amene anachokera ku Rukongai komweko.

Malume_a_ku_Chadiza anayankha:

Ana anga, ine ndinayamba kuwerenga zimenezi chifukwa cha mwana wa mlongo wanga amene anandisiyira pafoni, ndipo chimene chinandigwira si malupanga ayi, koma kamnyamata kaja, Yūichi Shibata, kamene mzimu wake unatsekeredwa m'mbalame yoweta. Kanavomera kuwolokera kudziko la akufa poyembekezera kukaonana ndi amayi ake omwalira, koma pamene Chad, mnzake wa Ichigo, akukapeza ku Rukongai, kakukhala ndi banja la anthu ena ndipo amayi akewo sikanawapeze. M'dziko limenelo akufa amamwazidwa m'madera osiyanasiyana, ndipo kukumana ndi wachibale n'kwapatali.

Inu mukudziwa mmene ife timaonera imfa. Timati munthu watsikira kuli chete, watsata makolo, ndipo pamaliro chitonthozo cha ofedwa n'chakuti wapita kumene kuli ake. Tsono dziko limene wakufa amafika n'kukhala mlendo wopanda mbumba, kwa ife ndi tsoka loposa chilombo chilichonse chimene Ichigo anadula. Chimenecho chinali chuma chenicheni cha nkhaniyi, ndipo wolemba anachigwira m'manja kenako n'kuchiika pansi.

Agogo anga aakazi ankatisimbira nthano titazungulira moto, tikukazinga chimanga paphale, iwo akuti "Padangokhala," ife tikuvomera "Tili tonse." Akatchula mwana wamasiye kuchiyambi n'kumuiwala pakati, ife tinkawadula mawu n'kufunsa kuti, "Nanga wamasiye uja?" ndipo iwo ankabwerera kukamutenga, chifukwa kuvomera kwathu kuja kunali pangano. Mlongo wa ku Kalongwezi, mwanena bwino za Aizen, koma Aizen ankafuna mpando wakumwamba, ndipo mizimu ya ku Rukongai iye anaigwiritsa ntchito m'zoyesayesa zake. Ameneyo sangakhale mneneri wa amphawi.

Wa_ku_Kapata anayankha:

Zikomo malume, mwanditulutsira chimene chinkandikanika kunena. Mlongo wanga, buku la Narita ndalilemba kuti ndilifunefune, ngakhale zimandiwawa kuti nkhani yaikulu chotere inakatsirizidwa ndi dzanja la munthu wina, kunja kwa manga imene ambirife tinawerenga.

Ine sindinkafuna kuti Ichigo agwetse linga la Seireitei. Pamapeto, patapita zaka 10, Rukia akuvekedwa mkanjo woyera wa ukaputeni wa gulu la 13, mtsikana yemwe uja amene mkulu wake Hisana anamusiya ali khanda ku Inuzuri chifukwa cholephera kumusamalira. Ndinkayembekezera tsamba limodzi lokha lomuonetsa iye ndi Renji akubwerera kudera la 78, atavala mkanjo wakewo, akudutsa pamanda atatu aja, atanyamula mtsuko wa madzi kuti ana a kumeneko amwe osathamangitsidwa.