Tigawe bwanji bajeti ya chitetezo cha makompyuta pakati pa maphunziro a antchito ndi zipangizo?

Moni akuluakulu nonse a pa gulu lino. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mumagwira ntchito yoteteza makompyuta, komanso kwa inu amene munakhalapo pa mpando wogawa ndalama za kampani. Ine ndimayang'anira za chuma pa kampani ya antchito oposa 100, ndipo sabata ya mawa ndikuyenera kukapereka ku bodi ndondomeko ya mmene tigwiritsire ntchito ndalama zotitetezera kwa akuba a pa intaneti m'chaka chikubwerachi. Ndalamazo ndi zochepa, ndipo anthu awiri amene ndimawadalira akukokera mbali zosiyana.

Akulu a IT akufuna kuti pafupifupi 90 peresenti ipite ku zipangizo, monga firewall yatsopano (chipangizo chotchinga akuba kuti asalowe mu netiweki), pulogalamu yoyang'anira kompyuta ya wantchito aliyense, ndi malo osungirako makope a mafayilo athu kunja kwa ofesi. Iwo akuti munthu amalakwitsa ngakhale mutamuphunzitsa chotani, ndiye chipangizo chizimuwakha asanagwe. Amakonda kutchula kachilombo ka pa kompyuta kotchedwa WannaCry ka mu May 2017, komwe kanaimitsa ntchito m'zipatala zambiri za boma (NHS) ku Britain, chonsecho Microsoft inali itatulutsa kale chigamba cha pulogalamu chotseka mpata umene kachilomboko kankalowera mu March chaka chomwecho. Pamenepo panalibe wantchito woti n'kumuloza chala kuti anadina linki yolakwika, chifukwa kachilomboko kankadziyendera kokha m'makompyuta osakonzedwa. Pa mfundo imeneyi sindingawatsutse.

Mayi oyang'anira za antchito akufuna theka la ndalamazo lipite ku maphunziro. Iwo amaloza lipoti la kampani ya Verizon la 2024, lomwe linapeza kuti pa 68 peresenti ya nkhani za kubedwa kwa deta panali munthu amene analakwitsa kapena kupusitsidwa. Nawonso ali ndi mfundo.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi zomwe zinachitika mu ofesi yanga miyezi itatu yapitayo. Tinalandira imelo yooneka ngati yochokera ku kampani imene timagulako katundu kwa zaka zambiri, yonena kuti asintha akaunti ya ku banki ndipo invoisi ya mwezi umenewo tiilipire ku akaunti yatsopano. Chizindikiro cha kampani chinali chomwecho, siginecha yomweyo, ngakhale kalembedwe ka moni kanali ka munthu amene timamudziwa. Kusiyana kunali pa adiresi basi, pomwe chilembo cha m anachilemba ndi r ndi n moyandikana, moti ine ndinachita kukuza zilembo pa sikirini kuti ndione. Pulogalamu yosefa maimelo inailola kudutsa chifukwa munalibe kachilombo kapena linki. Anatipulumutsa ndi mayi wina wa mu ofesi yowerengera ndalama, amene asanatumize ndalama anatsegula fayilo yakale, n'kuimba nambala imene inali pa mgwirizano woyamba. Nditawafunsa ngati anaziphunzira pa maphunziro athu, anayankha mwaulemu kuti ayi, ndi chizolowezi chawo chabe. Maphunziro athuwo ndi kanema wa mphindi makumi atatu kamodzi pa chaka, wokhala ndi mafunso kumapeto, omwe anthu amauzana mayankho.

Titafufuza bwino tinapezanso chinthu china chimene chinandipweteka mtima kwambiri. Pulogalamu yoyang'anira netiweki, imene tinagula zaka ziwiri zapitazo ndipo timailipirira laisensi chaka chilichonse, yakhala ikutumiza machenjezo ku bokosi la imelo limene palibe amalitsegula. Anyamata awiri a IT sanatumizidwepo ku maphunziro a pulogalamuyo, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa ndine ndinachotsa mzere wa maphunzirowo mu bajeti kuti mtengo utsike.

Ndiye funso langa lili pawiri. Kodi alipo pano amene ali ndi kagawidwe kamene kanawathandizadi, ndipo anakafikira bwanji? Nanga maphunziro a anthu a IT eniake mumawaika mbali iti, popeza akulu a IT amawawerengera ku maphunziro a antchito, pomwe mayi a za antchito amawakankhira ku zipangizo, mapeto ake palibe amawalipira? Zikomo kwambiri.

Yankho loyamba:

Zikomo bambo chifukwa chofotokoza momveka bwino. Ndagwira ntchito imeneyi kwa nthawi yaitali, ndipo malangizo anga ndi akuti musayambire pa maperesenti. Yambani mwalemba njira zitatu kapena zinayi zimene kampani yanu ingatayire ndalama zambiri, kenako muone chotchipa kwambiri chotseka njira iliyonse. Ngati pali akaunti ina imene munthu amalowa ndi pasiwedi yokha, popanda chitsimikizo chachiwiri cha pa foni kapena pa kiyi yapadera, ndalama yoyamba ipite pamenepo. Kampani ya mapaipi a mafuta ya Colonial Pipeline ya ku United States inalowedwa mu 2021 kudzera pa akaunti ya VPN (njira yolowera mu netiweki ya kampani uli kunja kwa ofesi) yopanda chitsimikizo chachiwiri, mapaipi a mafuta anaima kwa masiku angapo, ndipo kampaniyo inalipira achiwembu madola pafupifupi 4.4 miliyoni. Koma chipangizo chimenechi chimafunanso munthu wochimvetsa. Mu September 2022, wachiwembu analowa m'makompyuta a kampani ya Uber atatumiza mapempho otsimikizira mobwerezabwereza ku foni ya munthu wogwira ntchito ya kontirakiti, mpaka iye anavomereza limodzi. Wantchito ayenera kudziwa kuti pempho limene sanaliyambitse yekha ndi chizindikiro chakuti pasiwedi yake yabedwa, ndipo adziwe woti amuimbire nthawi yomweyo.

Pa funso lanu lachiwiri sindikayika konse. Maphunziro a amene aziyendetsa pulogalamu ndi gawo la mtengo wa pulogalamuyo, ndipo ngati simungakwanitse zonse ziwiri, musaigule. Firewall yatsopanoyo ikhoza kudikira ngati yakale ikulandirabe zigamba kuchokera kwa opanga ake. Makope a mafayilo asadikire, ndipo muyese kuwabwezeretsa kamodzi kuti muone ngati akugwiradi ntchito.

Yankho lachiwiri:

Ine ndiwonjezerepo pa za ofesi yanu yomwe. Chimene anachita mayi oimba foni aja chikhale lamulo lolembedwa, lakuti kusintha kulikonse kwa akaunti ya ku banki kutsimikizidwe pa foni ndi nambala yakale, ndipo anthu awiri asayinire ndalama zisanatuluke. Lamulo limeneli silidya bajeti. Likufunika kwambiri masiku ano, chifukwa mu 2024 wantchito wa kampani ya Arup ku Hong Kong anatumiza madola pafupifupi 25 miliyoni atakhala pa msonkhano wa pa kanema umene nkhope ndi mawu a mabwana ake zinali zopangidwa ndi kompyuta. Za kanema wa pa chakayo, musiyeni. Maphunziro afupiafupi a mwezi ndi mwezi, ogwirizana ndi ntchito ya munthu, ndi amene ndawaona akusintha anthu. Mukamatumiza maimelo oyesera a phishing (maimelo achinyengo ofuna kupusitsa munthu), muziwerenga amene anena msanga kuti alandira imelo yokayikitsa, ndipo wodina linki musamuchititse manyazi, chifukwa tsiku limene adzadine yeniyeni adzabisa.

Wofunsa:

Ndathokoza kwambiri nonse awiri. Lamulo la kuimba foni ndilemba lero lomwe, ndipo maphunziro a anyamata a IT ndawabwezera pansi pa mzere wa laisensi. Chatsala ndi bodi, yomwe ikufuna nambala imodzi ya mbali iliyonse. Bambo a yankho loyamba, kodi inu munawafotokozera bwanji mabwana anu kuti avomereze bajeti yolembedwa motsata zoopsa m'malo mwa maperesenti, ndipo munawaonetsa chiyani pakutha pa chaka kuti akhulupirire kuti ndalama sizinapite pachabe?