Ndodo za gofu za mwana: tidule zakale kapena tikamuyezetse?

Anzanga okonda gofu muno mu Lusaka, ndithandizeniko nzeru. Mwana wanga wamkazi wa zaka 11 akufuna kulowa mpikisano wa ana, koma akusewerabe ndi ma iron (ndodo za mutu wachitsulo) akale a bambo ake. Ndodozi zamutalikira ndiponso zikumulemera: akakweza, manja amagwa msanga, mutu wa ndodo n'kukumba dothi usanafike pa mpira. Caddie (wonyamulira osewera ndodo) wina akuti tingodula shaft (thunthu la ndodo), nkhani yatha. Ine ndikukayika, chifukwa shaft yachitsulo ukaidula imauma kwambiri, mutu umakhalabe wa munthu wamkulu, grip (pogwirira) nayonso yanenepera timanja take.

Ndani muno amayeza mwana bwinobwino, msinkhu wake, kutalika kuchokera padzanja kufika pansi, ndi liwiro la swing (kamenyedwe ka mpira), kuti apeze ndodo zomuyenera? Ku Lusaka Golf Club, Chainama kapena Bonanza alipo pro (katswiri wophunzitsa gofu) wochita zimenezi, kapena mpaka tiitanitse ku Johannesburg? Malamulo amalola ndodo 14, koma iyeyu 6 kapena 7 zamukwanira, poti chaka chamawa adzakhala atakulanso. Ngati mwana wanu anasiya zake, makamaka za graphite (zopepuka kuposa zachitsulo), ndiuzeni mtengo. Komanso, kodi handicap (nambala yosonyeza luso la wosewera) imafunika asanalembetse mpikisanowu?