Timagazi tsiku la 6 chiikireni mluza, kodi zalephereka?

Wodikira:
Amayi anzanga, ndithandizeni, tulo sindikupeza. Lachiwiri lapitali anandiika mluza wa masiku 5 m'chiberekero, ulendo wanga wachiwiri wa IVF (njira yomwe madokotala amachotsa mazira a mayi, kuwaphatikiza ndi umuna kunja kwa thupi, kenako n'kuika mluza m'chiberekero). Lero m'mawa popukuta ndaona timagazi toderako pa tishu, kadontho chabe. M'chinena mukukoka ngati msambo wayandikira, ndipo mabere akuwawa moti kamisolo ndavula. Kuchimbudzi ndalowako kasanu, osati kuti ndili ndi mkodzo, koma kukasuzumira basi. Bambo akunyumba andiletsa ngakhale kuwerama kuti ndimange nsapato. Kuyeza magazi kuti aone ngati mimba yagwira ndi Lachisanu. Progesterone, mankhwala othandiza chiberekero kusunga mluza aja, ndipitirize? Nanga ndigule koyezera mkodzo?

Mayi wa mapasa:
Pepani achemwali. Progesterone musasiye ngakhale tsiku limodzi adokotala asanakuuzeni. Ndi iyeyo amatupitsa mimba, kuwawitsa mabere ndi kukokesa m'chinena, mluza wagwira kaya sunagwire. Magazi oderako ndi akale, ndipo mankhwala oika kumusiwa amatha kusupula pang'ono khomo la chiberekero. Ine ulendo woyamba ndinali ndi zonsezo, mseru womwe, mpaka ndinayamba kusankha mayina. Sizinatheke. Wachitatu sindinamve kalikonse, ndinapita koyeza nditalira kale, koma anawo ndi awa akundisokoneza ndikulemba. Thupi pa masiku amenewa silinena zoona. Ndipo auzeni bambowo kuti mluza sugwa munthu akawerama, chiberekero si chikho. Kugona tsiku lonse sikuthandiza, muziyendako.

Ulendo wachinayi:
Koyezera mkodzoko ine ayi. Jakisoni wokhwimitsa mazira uja nthawi zambiri amakhala wa hCG, chinthu chomwecho chimene koyezerako kamafufuza, ndipo amatha kukhala m'thupi masiku 10 kapena kuposa. Ndinaona mizere iwiri, wina wofuwa, ndinaujambula pafoni n'kumaukulitsa usiku wonse. Unali wa jakisoni. Mukafulumiranso kamatha kuonetsa mzere umodzi pamene mimba ilipo. Lachisanu si kutali.

Ndinagonekedwapo:
Anzangawa anena zoona, koma pali zina zosadikirira Lachisanu. Ine mazira anandichotsa ambiri, kenako mimba inatupa, siketi yomwe ndinavala dzulo lake osatsekeka. Sikelo inakwera kupitirira kilogalamu imodzi pa tsiku, mkodzo unkatuluka wochepa, ndipo ndikagona chagada mpweya unkabanika. Ndinapirira masiku awiri poopa kuvutitsa anamwino, chibwana chenicheni. Anati ndi OHSS, vuto la kutupa kwa malo opangira mazira chifukwa cha mankhwala a IVF, madzi anali atadzaza m'mimba. Mukaona zotere, kapena kusanza kosaleka, thupi kutentha, magazi ofiira odzaza padi pa ola limodzi, thamangani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Chimodzimodzinso m'masabata akubwerawa mukamva kubaya mbali imodzi, phewa kuwawa kapena chizungulire, chifukwa mimba imatha kukhala kunja kwa chiberekero ngakhale pa IVF. Ululu wamba Panado amakwana, koma Brufen musamwe musanafunse.

Wodikira:
Zikomo nonse. Ndawaimbira anamwino, andifunsa mtundu wa magaziwo ndi kuchuluka kwake, akuti ndipitirize mankhwala ndipo ndiimbenso akafiira. Kuyambira masana sanatulukenso. Ndiulule, koyezera mkodzo ndinali nditagula kale. Ndawapatsa bambo kuti akabise komwe sindingakapeze, ndipo nsapato ndamanga ndekha iwo akuyang'ana.