Synth yanga yoyamba: ya bass yokha kapena yotha kuimba makodi?

Kambalame

Moni nonse muno. Ndatha zaka zitatu ndikupanga nyimbo zovina pa laputopu, makamaka house, nthawi zina techno yofatsa. Zonse ndimachitira mu pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio, ndi mausi komanso kakiyibodi ka MIDI ka makiyi 25. Chikundiwawa n'chakuti ndikatsegula plugin (kapulogalamu kotulutsa mawu a nyimbo) ndimangodutsa m'ma preset, mawu okonzedwa kale, mpaka nditapeza omveka bwino, koma kuti mawuwo apangidwa bwanji, sindingafotokoze. Usiku wina ndinkafuna kufupikitsa bass kuti isamagundane ndi kick, ng'oma yaikulu yogunda pansi. Ola lathunthu linatha ndisanapeze poti ndigwire.

Ndasunga ndalama zokwanira synth imodzi (chida chamagetsi chopangira mawu a nyimbo, chogwirika ndi manja), ndipo yachiwiri siibwera msanga. Maso anga ali pa zitatu: Novation Bass Station II, Korg Minilogue ndi Arturia MicroFreak. Amene munazigwirapo ndi manja, ndithandizeni. Ndiyambe ndi yotulutsa noti imodzi pa nthawi, kapena yoti ndiziimbirapo makodi, manoti angapo olira pamodzi?

Mawaya_Akale

Achimwene, vuto lanu mwalitchula nokha: simunapeze poti mugwire. Ndiye musanafunse za mono (noti imodzi) kapena poly (manoti angapo pamodzi), yang'anani kaye pamwamba pa chidacho. Chilichonse chimene chimasintha mawu chikhale ndi knob yakeyake, yoti dzanja lipite pomwepo popanda kulowa m'ma menu. Synth yanga yoyamba, dzina lake sinditchula, inali ndi ma knob ochepa ndi kasikirini kakang'ono. Kuti ndisinthe kanthu kamodzi ndinkadina batani kanayi. Mawu ake anali abwino ndithu, koma patatha chaka ndinali ndikusankhabe ma preset monga mukuchitira inumu. Zinandipweteka mtima chifukwa ndinaigulira kuti ndiphunzire.

Njira ya mawu m'ma synth a mtundu umenewu ndi yaifupi. Oscillator imatulutsa mawu aukali, tinene saw kapena square. Filter imawasenga, kuchotsa zakuthwa za pamwamba. Envelope ndi imene imalamula kuti notiyo iyambe bwanji, ikhale nthawi yaitali bwanji, ife bwanji. Bass yanu ija inkangofuna mutsitse sustain (mulingo umene noti imakhazikikapo), mufupikitse decay ndi release (nthawi imene imatenga kuti itsike ndi kuti ife) pa envelope ya amp, yolamula kukweza kwa mawu, basi. Pa Bass Station II zimenezo zili pa ma slider anayi ali poonekera, mukanamaliza musanaphethire kawiri.

Ine ndikuti tengani imeneyo. Inatuluka mu 2013 ndipo mpaka lero anthu sanaitaye. Ili ndi ma oscillator awiri, kuwonjezapo sub oscillator yokhala pansi pa yoyambayo, imene imapatsa bass thupi lomveka m'chifuwa. Makiyi ake ndi 25 okha koma ndi aakulu bwinobwino. Filter ili ndi mitundu iwiri, Classic ndi Acid, ndipo yachiwiriyo, yotsanzira mawu a kachida kotchedwa TB-303, ili ndi mbiri yoti muidziwe. Roland inatulutsa TB-303 mu 1981 kuti oimba gitala azipeza bass yowaperekeza poyeserera. Sinayende malonda chifukwa siinkamveka ngati gitala ya bass ngakhale pang'ono, ndipo pofika 1984 anasiya kuipanga. Anyamata a ku Chicago ndi amene anaitola yogwiritsidwa kale ntchito, n'kuyamba kupotokola cutoff ndi resonance, ma knob a filter, uku kachidako kakubwereza manoti omwewo. Acid house inabadwira pamenepo. Manoti sankasintha, chimene chinkasintha ndi dzanja la munthu pa filter. Nyimbo zovina zambiri zimakhalira pomwepo: mzere umodzi wa bass wobwerezabwereza, wotseguka pang'onopang'ono mpaka anthu m'bwalo atapenga. Mausi sangakupatseni zimenezo monga zala ziwiri pa ma knob awiri nthawi imodzi.

Makodi asiyeni pa laputopu. Kompyuta imawatha bwino kwambiri.

Nyenyezi_ya_Mbandakucha

Bambo a Mawaya_Akale anena zoona pa nkhani ya ma knob, koma pa chisankho sindikugwirizana nawo. A Kambalame anena kuti amapanga house. House yopanda makodi ndi yotani? Ma stab aja (makodi afupiafupi), ma pad (makodi aatali) ofunda kumbuyo kwa mawu a woimba, ndi amene amasiyanitsa house ndi techno youma. Ukagula mono ngati chida chako chokhacho, tsiku loyamba lomwelo udzaika zala zitatu pa makiyi n'kumva noti imodzi. Ine zinandichitikira pa synth ya mnzanga, ndinakhumudwa ngakhale ndinkadziwa kale kuti ndi mmene imagwirira ntchito.

Ndakhala ndi Minilogue zaka zinayi. Inatuluka mu 2016, ndi ya analog, imaimba manoti anayi pa nthawi imodzi, makiyi ndi 37. Chimene chinandiphunzitsa kwambiri ndi kasikirini kake kamene kamajambula mawu akamatuluka. Ukatseka filter umaona ndi maso mano a saw akufota mpaka kusanduka kafunde kosalala. Zimene ndinkawerenga osazimvetsa zinalowa m'mutu sabata imodzi. Ndipo bass imatha: ili ndi mode ya mono komanso ya unison imene imaunjika mawu onse anayi pa noti imodzi. Sindinama, pansi penipeni siifika pamene imafika Bass Station II, koma mu nyimbo yomalizidwa, itakhala pamodzi ndi kick, sindinaione ikuchepa.

Zoipa zake ndikuuzeninso. Manoti anayi ndi ochepa. Kodi ya minor seventh imadya onse anayi, ndiye ukapita pa kodi yotsatira, mchira wa yoyamba umaduka mwadzidzidzi ngakhale release ikhale yaitali. Pa ma stab afupiafupi sizimveka, pa ma pad aatali zimamveka. Makiyi ake ndi ang'onoang'ono, ngati muli ndi zala zikuluzikulu muyesere kaye. Komanso Minilogue yoyambayo ili ndi delay yokha, ilibe reverb. Minilogue xd ya 2019 ndi imene anaikamo reverb, chorus ndi oscillator yachitatu ya digito, ndipo ndikanakhala kuti ndikugula lero ndikanatenga imeneyo.

China, mungadzakhumudwe: ngati m'mutu mwanu muli mawu aja otambalala a trance, otchedwa supersaw, dziwani kuti anachokera pa Roland JP-8000 ya m'zaka za m'ma 1990, imene inali ya digito ndipo inkaunjika ma saw asanu ndi awiri osemphana pang'ono pa noti iliyonse. Ma oscillator awiri a analog sangakupatseni makodi otero. Amenewo ndiye asiyenidi pa plugin.

Jeki_ndi_Chingwe

Aise, onsewa akukambirana za chida koma palibe wakufunsa kuti mawuwo alowa bwanji mu laputopu. Uli ndi audio interface, kabokosi kolowetsera mawu mu kompyuta? Pa synth zitatu watchulazo, chingwe cha USB chimanyamula MIDI yokha, kutanthauza malangizo akuti noti yakuti ilire nthawi yakuti. Mawu enieniwo amatulukira pa jeki ya 6.35 mm, ndipo amafuna chingwe chawo kupita mu interface. Ngati ulibe, ndalama wasungazo uzigawe pawiri kuyambira pano.

Udziwenso kuti plugin umatha kuitsegula kakhumi mu nyimbo imodzi, koma synth ya pa tebulo ndi imodzi, mawu amodzi pa nthawi. Ukafuna bass ndi lead zonse zichokere pamenepo, ujambula bass kaye kukhala audio, kenako usintha ma knob n'kujambula lead. Poyamba ndinkaona ngati chilango. Pano ndi chimene chimandimalizitsa nyimbo, chifukwa ukajambula wajambula, subwereranso kukasinthasintha mpaka tambala kulira. Nthawi zina zojambulazo zimachedwerako pang'ono poyerekeza ndi kick, umangozikokera kumbuyo pa mzere.

Ukamva kaphokoso kopyapyala kosatha m'masipika USB ndi jeki zikalumikizidwa limodzi, synth siinafe. Ndi magetsi akuzungulira njira ziwiri. Ine ndinavutika nako masabata awiri. Chotsa USB, patsa synth magetsi akeake, MIDI uidutsitse pa chingwe chakale chija cha mapini asanu.

MicroFreak musainyoze, ndiyo ndili nayo. Oscillator ya digito yokhala ndi mitundu yambirimbiri ya mawu, filter ya analog, ndipo sequencer yake, yoimba yokha manoti amene walemba, imabala maganizo amene sukanawaganiza wekha. Koma manoti ake anayi amagawana filter imodzi, makiyi ake ndi bolodi lathyathyathya longokhudza, sabonyezeka, ndipo ilibe reverb kapena delay. Kwa munthu wofuna kumvetsa maziko, ndingaiike yachiwiri, osati yoyamba.

Kambalame

Zikomo kwambiri nonse atatu, mwandimasula. Interface ndili nayo, ya malo awiri olowetsera, ndimajambulira maikolofoni. Za USB zija sindinkazidziwa n'komwe.

Usiku wathawu ndinatsegula nyimbo zanga zisanu zomaliza kuti ndione chimene ndimayamba nacho. Zinayi mwa izo ndinayamba ndi makodi, bass inabwera pambuyo kutsatira makodiwo. Ndiye achemwali a Nyenyezi, ndikutsatirani, nditenga Minilogue xd. Mtima unkafuna zonse zitatu, koma paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Bambo a Mawaya_Akale musandione ngati sindinamve, nkhani ya decay ndi release ija ndaiyesa kale pa plugin ndipo bass yasiya kupondana ndi kick. Ikafika synth ndiyambire pati kuti ndisabwerere ku chizolowezi cha ma preset?

Mawaya_Akale

Mwasankha bwino, achimwene, chifukwa mwasankha poyang'ana nyimbo zanu zomwe. Ikafika, pitani pa program yopanda kanthu, imene imangolira saw yekhayekha. Zimitsani reverb ndi delay, tsitsani oscillator yachiwiri ndi ya digito ija mpaka zii. Lembani manoti anayi kapena asanu pa sequencer yake ya masitepe 16, iziyenda yokha, kick ikulira pa laputopu. Sabata yoyamba gwirani cutoff, resonance ndi envelope basi. Tsekani filter mpaka mawu atsale pang'ono kuzimirira, kenako kwezani mphamvu ya envelope pa filter kuti noti iliyonse izitseguka yokha n'kutsekekanso, muzisewera ndi decay. Mukapeza pamene mutu wayamba kugwedezeka wokha, dinani record, mujambule mphindi zitatu dzanja lili pa cutoff. Mutitumizire muno timve, kenako tidzakambe za oscillator yachiwiri.