Funso la Hyers-Ulam ndi ma isometry a C*-algebra, mutu waima

Mwana_wa_Epsilon:
Akuluakulu ndithandizeniko. Ndikulemba za stability ya ma functional equation ndipo poyambira pake ndapamva: Ulam anafunsa mu 1940 kuti ngati function ikungotsala pang'ono kukhala homomorphism (yosunga operation, monga f(x+y) = f(x) + f(y)), kodi pali homomorphism yeniyeni pafupi nayo, Hyers nkuyankha mu 1941 kuti eya pa ma Banach space (ma space okhala ndi norm, muyeso wa kukula ||x||, ndipo opanda mipata). Koma ndikawerenga proof ndikungoona f(2^n x)/2^n yatulukira ngati matsenga, inachokera kuti? Chachiwiri, asupavaiza anga akuti isometry (map yosunga mtunda) ya C*-algebra (algebra ya ma operator, monga ya ma matrix) sikuti nthawi zonse imasunga multiplication, ine ndimayesa kuti chikasunga norm ndiye chasunga zonse eti

Zalinear:
Amwene palibe matsenga apo, tengani pensulo. Muli ndi ||f(x+y) - f(x) - f(y)|| ≤ ε. Ikani y = x, mugawe ndi 2, mupeza kuti f(2x)/2 yatalikirana ndi f(x) osapitirira ε/2. Bwerezani pa 2x, mugawenso, pano mpata ndi ε/4, kenako ε/8, basi mukaphatikiza zonsezo sizidutsa ε. Ndiye chikuchitika nchakuti x ikamakula cholakwikacho sichikula nawo, chimangokhala ε yomweyo, inu nkumagawa ndi 2^n mpaka chifere. Mawu oti Banach akugwira ntchito pamalo amodzi okha, kuti sequence ya Cauchy ija ikhale ndi pofikira. Limit imeneyo ndi additive ndipo ndi imodzi yokha. Rassias mu 1978 analola kuti cholakwika chizikula ngati ε(||x||^p + ||y||^p) bola p ichepere 1, trick yake ndi yomweyi. Gajda mu 1991 anachita za p yoposa 1 pogawa x m'malo mochulukitsa, nkuonetsanso kuti pa p = 1 zimakanika ndithu, series imaphulika mbali zonse.

Mai_Jordan:
Za multiplication zija asupavaiza anuwo akunena zoona mwana wanga. Tengani ma matrix a 2 kwa 2, map yanu ikhale transpose. Ndi linear, ndi onto (imafika pa chilichonse cha mbali inayo), norm sisintha olo pang'ono. Tsopano chulukitsani E12 ndi E21 (E12 ndi matrix yokhala ndi 1 pa row 1 column 2, pena ponse ziro, enawo chimodzimodzi), mupeza E11, transpose yake ndi E11 yomweyo. Koma mukayamba mwatembenuza aliyense payekha kenako nkuchulukitsa, ndi E21 kuchulukitsa E12, yomwe ndi E22. Zasiyana. Chimene chapulumuka ndi AB + BA basi, chija amati Jordan product. Kadison mu 1951 ndi amene anatsimikiza kuti linear isometry iliyonse ya onto pakati pa ma unital C*-algebra ndi Jordan *-isomorphism (map yosunga Jordan product ndi adjoint A*) yochulukitsidwa ndi unitary mmodzi (U woti U*U = UU* = 1). Inuyo mwina mwazolowera theorem ya Banach-Stone ya C(K), ma continuous function pa compact space K, kumene kuja AB ndi BA ndi chimodzi ndiye vutoli silioneka. Norm siidziwa kumanja ndi kumanzere.

Mwana_wa_Epsilon:
Zikomo mayi, ya transpose yandilowa, ndayesa papepala yatulukadi E22 kkkk. Koma nanga mawu oti onto aliyense akungowakakamira, sindingawasiye?

Zalinear:
Musayerekeze. Tengani f(t) = (t, |t|) kuchoka pa R kupita ku R^2 ya max norm. Mtunda ukusungika bwinobwino chifukwa kusiyana kwa |s| ndi |t| sikungapose |s - t|, ndipo f(0) = 0, koma f(1) + f(-1) ikupereka (0, 2) osati ziro, si linear. Theorem ya Mazur ndi Ulam ya 1932 imafuna onto pa chifukwa chomwechi. Kwa zoyandikira nazonso nchimodzimodzi, Hyers ndi Ulam mu 1945 anaonetsa kuti ε-isometry (map yosunga mtunda molakwitsa osapitirira ε) ya onto pa Hilbert space ili pafupi ndi isometry yeniyeni osapitirira 10ε, Gevirtz mu 1983 anazifikitsa ku ma Banach space onse, kenako Omladič ndi Šemrl mu 1995 anatsitsa kufika 2ε ndipo siingatsikenso.

Kommutator:
Ine ndingowonjezerapo chenjezo, chifukwa mapepala ambiri a Hyers-Ulam pa ma C*-algebra amangotenga trick ya 2^n ija nkuisintha chovala, equation yatsopano proof yakale, ndinawerengapo angapo motsatizana mpaka ndinayamba kulosera mzere wotsatira. Nyama yeniyeni ili pomwe trick ikukana. Onani funso la ma matrix oti atsala pang'ono kupanga commute (AB = BA), kodi ali pafupi ndi opangadi commute, dimension ikule bwanji? Kwa ma self-adjoint (A* = A) awiri Huaxin Lin anati eya m'ma 1990, koma kwa ma unitary awiri Voiculescu anali atapereka kale chitsanzo chokana mu 1983, ndipo chotchinga chake ndi winding number, cha topology, simungachichotse pogawa ndi 2^n olo mutagawa usiku wonse. Mukafuna chaputala chomwe ma examiner sangagone nacho yambirani pamenepo, kapena pa Kazhdan 1982 za ma ε-representation a ma amenable group.

Mai_Jordan:
Achimwene mumuthamangitsa mwanayu, ayambe walemba proof ya Hyers payekha osayang'ana buku. Akatha abwere timuonetse ma matrix a Voiculescu, ndi shift ndi diagonal ya ma root of unity basi, amakwana theka la tsamba.