Za funso langa lija la kuvomera uli ndi mantha

Ndinafunsa chifukwa chimene ndimavomerera kugonana ndi chibwenzi changa mtima usakufuna, mpaka kumamwetulira. Ena munati ndine wofooka. Mlangizi amene ndakumana naye wanena zina: mwana wokulira m'nyumba ya ndewu amaphunzira kusangalatsa womuopseza kuti apulumuke, ndipo akakula thupi limangochita lokha mutu usanaganize. Katswiri wa za maganizo wa ku America, Pete Walker, anaika khalidweli pamodzi ndi kumenya, kuthawa ndi kuuma thupi, monga njira zimene munthu amadzitetezera akakumana ndi zoopsa. Mlangiziyo anati kuvomera chifukwa cha mantha si kufuna.

Mnzangayo ndamufotokozera. Poyamba anakhumudwa ndithu, ankaganiza kuti ndikumuimba mlandu. Pano amayamba wafunsa, ndikangokhala chete amasiya. Kukana kumandinjenjemeretsabe.

Inu amene munandilembera kumbali, nambala ya bungwe la YONECO yothandiza ochitiridwa nkhanza ndi 5600.