Wochita lendi wasiya kulipira koma ali pa mavuto enieni: nditani?

Abale anga, makamaka inu amene muli ndi nyumba zochititsa lendi, ndithandizeni nzeru.

M'nyumba yanga ina mumakhala banja lomwe kwa zaka zambiri silinandivutitsepo. Bambo a m'banjamo ntchito inawathera, ndipo lendi yaunjikana miyezi ingapo. Sandithawa ayi, amabwera okha kudzapepesa, nthawi zina ndi kangachepe m'manja. Ana ali pa sukulu. Zowatulutsa mtima wanga ukukana.

Koma nyumbayo ndinamangira ngongole ya kubanki, ndipo banki simva za chisoni. Denga likudontha, mapaipi akufunika kukonza, ndipo zonsezi zikudalira lendi yomweyo. Ena ochita lendi pamalopo akuonanso. Ndikalekerera mmodzi, mawa aliyense adzabwera ndi chifukwa chake.

Ndaganiza zowatsitsirako lendi kwa kanthawi, ngongole yakaleyo azibweza pang'onopang'ono, tilembe pa pepala n'kusainirana. Amene munayesapo zimenezi, zinayenda, kapena ngongole inangokulirakulira? Nanga dipoziti, ndi bwino kuidya panopa kapena kuisunga mpaka tsiku lotuluka, poti ndi imene imakonzetsa zowonongeka?

Zokhoma chitseko ndi loko kapena kuwadulira madzi musandiuze n'komwe. Ndi nkhanza, ndipo m'mayiko ambiri wopita nazo kukhoti angakhale ineyo. Chomwe ndikufuna kumva n'chakuti malire mumaika pati. Mumadikira mpaka liti musanapereke notisi, ndipo mumayamba bwanji kuilankhula kwa munthu amene mwakhala naye bwino chonchi?